Mbiri ya Zinthu Wamba: Kupenda Ntchito za Ana Aluntha pa Sukulu ya Speyer

M'kalasi iliyonse ya sukulu ya pulayimale mumapezeka mwana mmodzi kapena awiri amene amatsiriza masamu onse mphunzitsi asanasase choko m'manja. Anzake akali kuwerenga zala, iye waika kale pensulo pansi ndipo maso ake ali pa zenera. Mwana wotere sadandaulitsa munthu, pakuti mayeso amakhoza ndithu. Komabe ndiye amene sukulu imamlakwira mwakachetechete, popeza tsiku ndi tsiku imamphunzitsa kudikira, ndipo potsiriza pake imamzoloweza ulesi.

Aphunzitsi ambiri ali ndi njira zitatu zochitira naye. Ena amampatsa masamu ena 20 ofanana ndi oyamba aja. Ena amamtuma kulemba maina a olongolola. Enanso amamdumphitsa kalasi. Njira yoyamba ili ngati chilango chogwera wosalakwa, ndipo mwanayo sachedwa kuzindikira kuti kufulumira kumamuitanira katundu, kotero amayamba kuzengereza dala. Yachiwiri imamdanitsa ndi anzake. Yachitatu imathandiza ana ena, koma siyankha funso lakuti adzachita chiyani akayambanso kutsiriza msanga m'kalasi yatsopanoyo. Tsono ilipo njira yachinayi, ndiyo yompatsa ntchito yofufuza chinthu chimodzi mpaka ku mizu yake. Njira imeneyi idayesedwa mosamala pa sukulu ya Speyer, mumzinda wa New York ku America, kuyambira 1936 mpaka 1941, ndipo imatchulidwabe pamene akatswiri akamba za maphunziro a ana aluntha. Nkoyenera kuti aphunzitsi aipende ntchitoyo, aone chimene chidali chokoma m'menemo ndi chimene chidali cholakwika.

Mayi Hollingworth ndi sukulu yawo

Mayi Leta Hollingworth adabadwa m'chaka cha 1886 m'chigawo cha Nebraska, ndipo ntchito yawo yoyamba idali yauphunzitsi. Atakwatiwa mu 1908 adasamukira ku New York, kumene adapeza kuti malamulo a masiku amenewo sadali kulola mkazi wokwatiwa kulembedwa ntchito m'sukulu za mzindawo. Chitseko chimenechi chitatsekeka adabwerera ku maphunziro, natenga digiri yaukachenjede pa yunivesite ya Columbia mu 1916, nakhala mphunzitsi pa Teachers College, sukulu yosula aphunzitsi ya pa yunivesite yomweyo. Poyamba ankayesa nzeru za ana ochedwa kumva. Koma m'chaka chomwecho cha 1916 adayesa mnyamata wina wa zaka 8 amene adapeza 187 pa muyeso wotchedwa IQ, pamene mwana wamba amapeza 100, ndipo kuyambira tsikulo mtima wawo udatembenukira kwa ana a mbali inayo.

Mu 1922 adayambitsa makalasi apadera pa sukulu ina ya boma, P.S. 165, ndipo mu 1926 adatulutsa buku lotchedwa Gifted Children, lonena za chikhalidwe cha ana aluntha ndi kaleredwe kawo. Sukulu ya Speyer idatsegulidwa mu 1936 mogwirizana pakati pa Teachers College ndi akuluakulu oyang'anira maphunziro mumzindawo. M'nyumba imodzi mudali makalasi a ana ochedwa kumva, ndiponso makalasi awiri a ana 50 ofulumira, a zaka zoyambira 7 mpaka 9, onse opeza 130 kapena kuposapo. Awa ndiwo adali m'manja mwa Mayi Hollingworth mpaka pamene adamwalira mu 1939.

Iwo adali ataona kuti mwana wopeza 140 amataya theka la nthawi yake m'kalasi wamba, ndi kuti wopeza 170 amataya pafupifupi nthawi yonse. Chotero ku Speyer ana ankatsiriza maphunziro olamulidwa ndi boma pa theka la tsiku, ndipo theka linalo linkatsala poyera. Funso lalikulu lidali la choika m'malo otsalawo. Mudalowa Chifalansa, mbiri za anthu otchuka, ndi masewera a chess. Koma msana wa zonse udali maphunziro amene adawatcha The Evolution of Common Things, ndiko kunena mbiri ya m'mene zinthu wamba zidafikira pamene zili. Mitu yake idali yonga iyi: chakudya, nyumba, zovala, kayendedwe, ukhondo, malonda, kuwerenga nthawi, zounikira, zipangizo, katumizidwe ka mauthenga, malamulo. Ana ankatenga mutu, nagawana mbali zake, nasonkhanitsa zimene apeza m'mabuku ndi kwina, nakambirana, ndipo potsiriza ankalemba kabuku kawo. Ena mwa mabuku amenewa adasindikizidwa, limodzi mwa iwo lonena za ndege.

Zokoma zake

Chokoma choyamba nchakuti Mayi Hollingworth sadabe maphunziro a chaka chamawa kuti adzaze nawo chaka chino. Mphunzitsi amene apatsa mwana wa Sitandade 3 buku la Sitandade 4 wangosamutsira mavuto kwa mnzake amene adzalandira mwanayo. Ku Speyer ana adapatsidwa zinthu zimene silabasi ya kalasi iliyonse idali kuzilumpha, chifukwa akuluakulu adaziyesa zodziwika kale.

Chachiwiri, ndipo nchachikulu, ndicho kulemekeza chinthu wamba. Anthu ambiri amayesa kuti mwana wanzeru zakuya ayenera kupatsidwa zinthu zachilendo ndi zakutali, monga ngati nzeru ndi mlendo wosadya ndiwo za pakhomo. Koma munthu atenge mutu umodzi wokha, wa zounikira. Mwana wa ku New York akafunsa za babu limene lili pamwamba pa mutu wake, funsolo limamtengera kumbuyo kwa Thomas Edison ndi babu lake la 1879, ndi ku nyumba yopukusa magetsi ya pa Pearl Street imene idayamba ntchito mumzinda womwewo mu 1882. Akafunsa chimene agogo ake ankaunikira magetsi asanadze, apeza nyali za gasi ndi za parafini, ndipo parafiniyo amtengera ku chitsime cha mafuta chimene Edwin Drake adakumba ku Pennsylvania mu 1859. Kumbuyo kwa parafini kuli mafuta a anamgumi ndi zombo zimene zinkawasaka. Kumbuyo kwa anamgumi kuli makandulo a mafuta a ng'ombe ndi nkhosa. Kumbuyo kwa zonse kuli moto. Pofika kumeneko mwanayo wadutsa m'mbiri, m'sayansi, m'jogalafe ndi m'masamu a malonda, wosazindikira nkomwe kuti ndi maphunziro anayi. Waphunziranso chinthu chimene buku la mayankho silingamphunzitse, chakuti chilichonse chimene amachigwira chidapangidwa ndi munthu amene adavutika nacho, ndi kuti iyenso angathe kuonjezapo.

Chachitatu nchakuti ana sadali kugwira ntchito aliyense pa ngodya yake. Mayi Hollingworth adalemba zambiri za kusungulumwa kwa mwana amene nzeru zake zili patali ndi za anzake: masewera amene iye afuna anzake sawamva, ndipo amene anzake afuna iye amtopetsa. Pomuika pakati pa ena othamanga ngati iye, ndi kuwapatsa mtolo umodzi woti asenze, mwana amene adazolowera kukhala woyamba pa zonse ankaphunzira kutsutsidwa ndi kudikira mnzake atsirize kulankhula. Akale adati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwana waluntha ndiye afunika kuumva mwambi umenewu koposa onse.

Chachinayi nchakuti ntchitoyo idali ndi potsirizira pooneka. Kabuku kolembedwa kuti ena awerenge kamafuna chisamaliro chimene kope longoonedwa ndi mphunzitsi silifuna.

Zolakwika zake

Chilema chachikulu cha Speyer chidali pa chipata cholowera. Mayeso a nzeru adayambitsidwa ku Paris mu 1905 ndi Alfred Binet ndi Théodore Simon, cholinga chawo chili chopeza ana ofunika chithandizo. Bambo Lewis Terman a pa yunivesite ya Stanford adawakonzanso mu 1916, ndipo m'manja mwawo mayesowo adasanduka sikelo yoyezera mtengo wa munthu. Mu 1921 a Terman adayamba kutsata moyo wa ana oposa 1,500 a ku California amene adakhoza kwambiri. Koma ambiri mwa ana amene adafika pa mayesowo adayamba asankhidwa ndi aphunzitsi awo, ndipo gulu limene lidatuluka lidali makamaka la Azungu a m'mabanja opeza bwino. Anyamata awiri, William Shockley ndi Luis Alvarez, sadafike pa mzere wofunikawo, nasiyidwa kunja. Woyambayo adalandira mphotho ya Nobel mu 1956, wachiwiriyo mu 1968, pamene mwa osankhidwa aja padalibe ndi mmodzi yemwe amene adailandira.

Mayi Hollingworth ayenera kuyamikidwa pakuti adayesetsa kusonkhanitsa ku Speyer ana a mitundu yosiyanasiyana ya mumzindawo, akuda omwe. Komabe choonadi sichiyenera kubisidwa: iwo, monga a Terman, ankakhulupirira kuti luntha limayenda makamaka m'magazi, ndipo adavomereza maganizo a gulu limene linkaphunzitsa kuti mtundu wa anthu ungakonzedwe posankha oyenera kubereka. Munthu wokhulupirira zotere amaona ntchito ya sukulu ngati yongopeta, kuti mphale ipite uku ndi gaga uko. M'zaka zomwezo Bambo Martin Jenkins ndi Bambo Paul Witty adafufuza m'sukulu za ana akuda ku Chicago, ndipo mu 1935 adalemba za mtsikana wa zaka 9 amene adapeza 200. Luntha lidalipo kumene ambiri sadali kulifuna. Ndipo mu 2016 David Card ndi Laura Giuliano adaonetsa kuti m'dera lina lalikulu la sukulu ku Florida, atayamba kuyesa ana onse m'malo moyesa okhawo otchulidwa ndi aphunzitsi kapena makolo, chiwerengero cha ana osauka, akuda ndi olankhula Chisipanishi opezeka aluntha chidakwera kwambiri.

Cholakwika chachiwiri chimatuluka m'choyambacho. Sukulu ya Speyer idaonetsa kuti ana opeza 130 angathe kulemba mbiri ya ndege. Sidaonetse kuti mwana wopeza 115 sangathe. Wowerenga mndandanda wa mitu ija ayenera kudzifunsa kuti ndi mwana uti wa zaka 8 amene sangakonde kudziwa chiyambi cha nyali kapena cha wotchi. Kusiyana kwa mwana waluntha ndi mnzake kuli pa kuzama kumene adzafika ndi liwiro lake, koma chitsime chimene atungapo chingakhale chimodzi.

Chachitatu chili m'dzina lenilenilo. Mbiri ya zinthu ikakambidwa ngati makwerero, amene pansi pake pali moto wa nkhuni ndipo pamwamba pake pali mzinda wa New York, mwana amaphunzira kuyang'ana zakale zonse ngati mdima umene anthu adathawamo, ndi kuyesa anthu amene akali kugwiritsa ntchito zinthuzo ngati otsalira. Koma amene adapeza kuti mbewu ya mafuta imayaka pang'onopang'ono adali wofufuza monga Edison, ndipo ulemu wake ndi womwewo.

Chipata chikutsegulidwa

Amene adayesa kukonza chilema cha pa chipata ndi Bambo Joseph Renzulli a pa yunivesite ya Connecticut. Mu 1978 adalemba kuti mphatso imaoneka pamene zinthu zitatu zikumana mwa mwana: nzeru zoposa za wamba, luso lotulukira zatsopano, ndi khama losasiya ntchito panjira. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1977, adali atagawa ntchito zozamitsa maphunziro m'magulu atatu. Gulu loyamba ndilo la zolawitsa, monga kuitana mlendo wodziwa ntchito yake kapena kukaona malo, kuti chidwi chidzuke. Lachiwiri ndilo la kuphunzitsa njira, monga kufunsa mafunso, kuyeza, ndi kulemba zimene munthu wapeza. Lachitatu ndilo la kufufuza vuto lenileni, mwana yekha kapena ndi anzake ochepa, mpaka patatuluka chinthu chothandiza anthu enieni. Mu 1985, pamodzi ndi Mayi Sally Reis, adakulitsa njirayi kuti magulu awiri oyambawo afikire ana a sukulu yonse, ndipo lachitatu litsegukire amene aonetsa njala yake. Apa nzeru ndi yakuti ntchito yomweyo ndiyo imaulula mwana. Mphunzitsi amayamba wayala chakudya, kenaka aona amene sakukhuta.

Njira imeneyinso ili ndi msampha wake, umene aliyense woyendera sukulu amaudziwa. Ntchito yofufuza imasanduka msanga chionetsero: pepala lalikulu lokongoletsedwa ndi utoto, mawu okopedwa m'buku kapena pa intaneti, ndipo kawirikawiri dzanja la kholo likuonekera m'malembo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mphunzitsi angathe kuzindikira ntchito yoona pofunsa zitatu. Kodi funsolo ndi la mwanayo, ndipo yankho lake silili kumapeto kwa buku? Kodi mwanayo wayeza, wawerenga, kapena wafunsa munthu ndi pakamwa pake? Kodi alipo wina, kupatula wopereka malikisi, amene akudikira zotsatira zake? Ntchito yolephera zitatuzi ndi masamu 20 aja atavala malaya atsopano.

Za chinenero

Pali mfundo ina imene olemba za Speyer sakhalitsapo, koma kwa ophunzira za zinenero za makolo ndiyo yaikulu. Mayeso a Stanford-Binet adali m'Chingerezi, ndipo mbali ina yake idali yotanthauzira mawu, imene a Terman ankaidalira kwambiri. Mwana wa ku New York amene kwawo ankalankhula Chitaliyana kapena Chiyidishi ankayesedwa zinthu ziwiri pa sikelo imodzi, nzeru zake ndi Chingerezi chake, ndipo nambala yotulukayo sinkanena kuti mbali iti ndi ya chiyani. Mfundo imeneyi ndiyo imafikitsa nkhani ya ku New York pakhomo pa mphunzitsi wa ku Malawi, kumene mwana amalingalira m'chinenero china ndi kuyesedwa m'china. Mu 1996 boma lidalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero chawo, koma mu 2014 lidalengeza kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Pamene zinthu zili chotere nkosavuta kuyesa mwana wotola Chingerezi msanga kuti ndiye waluntha yekha, ndi kumlambalala wina amene amapanga galimoto ya mawaya yokhota ndi chiwongolero, kapena amene sagonja pa bawo ngakhale kwa akulu.

Boma la Kasungu lili ndi zitsanzo ziwiri zoyandikana. Mu 1981 ku Mtunthama kudatsegulidwa Kamuzu Academy, sukulu ya sekondale yolandira ana osankhidwa a m'maboma onse, ndipo ankaphunzirako Chilatini ndi Chigiriki. Imeneyo idali njira ya chipata. M'boma lomwelo, mu 2002, William Kamkwamba wa ku Wimbe, mnyamata wa zaka 14 amene adasiya sekondale posowa fizi m'nthawi ya njala, adabwereka m'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulayimale buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chake chidali chochepa, choncho adadalira zithunzi. Ndipo ndi milongoti ya bulugamu, zitsulo za njinga, chokupizira cha thirakitala ndi mapaipi apulasitiki adamanga makina a mphepo amene adayatsa babu m'nyumba ya makolo ake. Mutu wake udali womwe uja wa ku Speyer, wa zounikira, ndipo ntchito yake idakwaniritsa mafunso atatu aja onse. Palibe mayeso a Chingerezi amene akadamtulukira chaka chimenecho.

Wina adzati zonsezi nzosatheka m'sukulu zodzaza, ndipo kudandaula kwake kuli ndi maziko. Pamene fizi ya pulayimale idathetsedwa mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chidakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni, ndipo kalasi ya ana oposa 100 idaleka kukhala yachilendo. Komatu mwa njira zonse, ya zinthu wamba ndiyo yosafuna ndalama zambiri, pakuti zipangizo zake zili m'mudzi ndipo mabuku ake ndi anthu. Ana atatu a Sitandade 4 otsiriza msanga angatumidwe kwa agogo awo kukafunsa m'mene nsatsi zinkatungidwira pa kamtengo kuti ziunikire m'nyumba, ndi m'mene moto unkapekedwera machesi asanadze. Mphunzitsi ali pomwepo, angayatse nsatsi, koloboyi ndi kandulo, nayeza mphindi zimene chilichonse chikhala chikuyaka, nawerengera mtengo wa kuunika usiku umodzi poyerekeza ndi tochi kapena nyali ya dzuwa. Ena angayese phulusa la zitsononkho ndi la makoko a mtedza kuti aone limene litulutsa chidulo champhamvu. Enanso angasonkhanitse mawu amene akale ankagawira nawo tsiku popanda wotchi, monga tambala woyamba, m'bandakucha, dzuwa lili paliwombo ndi chisisira, nawaika pambali pa maola a pa wotchi, naona ngati akulu a m'mudzi agwirizana pa malire ake.

Ntchito zotere sizingachitike m'Chingerezi, chifukwa agogo sadzayankha m'Chingerezi, ndipo mawu ofunikawo m'mabuku a sukulu mulibe. Mwana akazilemba m'Chichewa, kapena m'Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe monga mwa kwawo, amapulumutsa mawu amene akadapita ndi eni ake ku manda, ndiponso amapangira ang'ono ake a Sitandade 2 kabuku kowerenga, amene nthawi zambiri amalimbirana buku limodzi anthu angapo. Akadzafika pa mawu a sayansi m'Chingerezi m'makalasi apamwamba, adzawapachika pa chinthu chimene adachigwira kale ndi manja.

Chotero cholowa cha Mayi Hollingworth chiyenera kulandiridwa mosankha. Sikelo yawo ndi chikhulupiriro chawo cha magazi zitsale m'zaka zimene zidabadwira. Chimene chiyenera kulowa m'sukulu zosula aphunzitsi ndi theka la tsiku lija lotsala poyera, ndi kulimba mtima kodzazamo zinthu zimene mwana amaziona tsiku ndi tsiku osazifunsa. Wophunzira uphunzitsi asanapite kukayesa ntchito m'kalasi, ayenera iye mwini kuyamba watsata chinthu chimodzi chotere, khasu, mtondo kapena nkhokwe, mpaka ku mizu yake, nalemba zimene wapeza m'chinenero cha kwawo. Amene adachitapo zimenezi adzadziwa chomuuza mwana uja waika pensulo pansi.